Nkhani za Sukulu Zogonera Komweko ndi Ana Amene Ankaziwerenga Ali Kunja kwa Mpanda

Nkhani zambiri za mtundu uwu zimayambira pa siteshoni ya sitima. Mwana wavala yunifolomu yatsopano yomukulira pang'ono, chikesi chake chalembedwa dzina ndi zilembo zikuluzikulu, mayi ake akumupatsa malangizo otsiriza, ndipo m'bogi muli kale ana ena odziwana, akuitanizana maina ndi kufunsana za tchuthi. Sitima ikangonyamuka makolo amatsalira pa masamba oyambirira omwewo, osaonekanso mpaka tsiku loyendera ana kapena teremu ikatha. Umu ndi mmene Enid Blyton anayambira buku loyamba la Malory Towers mu 1946, ndipo patapita zaka 51 J.K. Rowling anakweza Harry Potter sitima pa King's Cross ku London mwa njira yomweyo.

Ife amene tinakulira pa mabuku a m'laibulale ya sukulu, ambiri mwa iwo obwera m'makatoni kuchokera ku Britain, tinakumana ndi nkhanizi tisanadziwe kuti zili ndi mtundu wakewake, malamulo ake, komanso mbiri ya zaka zoposa 250. Pa mbiri yonseyo, chomwe chimandigwira mtima ndi chakuti ana amene anazikonda koposa, n'kumataya tindalama tawo sabata ndi sabata kuti aziwerenge, ambiri sanapondepo n'komwe pa sukulu yogonera komweko. Ngakhale ena mwa alembi otchuka a nkhanizi sanagonepo m'hostelo usiku ndi umodzi womwe ali ana.

Ku England sukulu zoterezi zinali za ana a anthu opata. Dzina lake limasokoneza, poti zomwe Angerezi amazitcha public school ndi sukulu zolipira ndalama zankhaninkhani, monga Eton, Harrow, Winchester ndi Rugby, osati za boma. Mwana wamwamuna wa m'banja lotere ankachoka pakhomo ali ndi zaka 7 kapena 8 kupita ku sukulu yokonzekeretsa, ndipo akafika zaka 13 ankalowa ku sukulu yaikuluyo. Ufumu wa Britain utafalikira, ana oterewa anachuluka, chifukwa makolo ogwira ntchito za utsamunda ku India ndi ku Africa ankatumiza ana kwawo kukaphunzira, mwakuti ena ankatha zaka asanaonane ndi mayi awo. Kunja kwa kalasi, sukuluzi ankaziyendetsa ndi ana okhaokha. Anyamata akuluakulu anali ndi chilolezo cholanga ang'onoang'ono, ngakhale ndi ndodo, ndipo mwana watsopano ankasanduka wantchito wa wamkulu wina: kumupukutira nsapato, kumukolezera moto, kumuwotchera buledi. Mwambowu ankautcha fagging. Amene anadutsa Fomu 1 pa sekondale yogonera komweko kwathu kuno, pamenepa safunika kumufotokozera zambiri.

Chodabwitsa n'chakuti buku loyamba la mtunduwu linali la atsikana. Sarah Fielding anatulutsa The Governess mu 1749, nkhani ya atsikana 9 ophunzira m'nyumba ya Mrs Teachum. Imayamba ndi dengu la maapozi momwe muli limodzi lalikulu kuposa anzake. Aliyense akulifuna, ndewu n'kubuka, kukokana tsitsi ndi kung'ambirana zovala. Amene akuwayanjanitsa ndi mnzawo wamkulu pa onse, Jenny Peace, ndipo masiku otsatirawo aliyense akufotokoza za moyo wake ndi kuvomera chofooka chake. Chakudya, mkangano, ndi ana kuweruzana okha: zitatuzi zinakhalabe m'nkhanizi mpaka lero.

Koma amene anaumba chikombole chenicheni ndi Thomas Hughes, ndi buku lake la Tom Brown's School Days la mu 1857. Hughes anaphunzira ku Rugby kuyambira 1834 mpaka 1842, nthawi ya mphunzitsi wamkulu Thomas Arnold, m'busa amene anatenga udindowo mu 1828 ndi cholinga chosandutsa anyamata osamva kukhala njonda zoopa Mulungu. Analemba bukuli akuganizira mwana wake amene anali pafupi kupita ku sukulu, ndipo sanabise kuti ankafuna kulalikira anyamata. Ulalikiwo ulimodi, ndipo masamba ena ngolemetsa kuwawerenga lero, koma ana ankaulumpha n'kugwira nkhani. Tom akufika ali mlendo, akupeza mnzake East womuonetsa ngodya zonse za sukulu, ndipo tsiku loyamba lomwelo akudziponya m'masewero a mpira. Kenako akugwa m'manja mwa Flashman, chimnyamata chankhanza chimene tsiku lina chinamukanikizira pafupi ndi moto mpaka anakomoka, chifukwa chokana kugulitsa tikiti yake ya mpikisano wa akavalo. Tom sananeneze munthu kwa aphunzitsi. Patsogolo pake, Arnold poona kuti Tom wayamba kulowerera, akumupatsa kamnyamata kofooka, George Arthur, kuti azikayang'anira. Usiku woyamba Arthur akugwada pambali pa bedi lake kupemphera, wina akumugenda ndi silipasi, ndipo Tom akutola nsapato yake n'kumulasa nayo wogendayo. Amene ankafunika kuwongoledwa uja akuwongoka chifukwa chosenzetsedwa mnzake.

Mlendo, bwenzi la pamtima, wankhanza, lamulo losaneneza, bwalo la masewero, mphunzitsi wamkulu woona patali: zonsezi zili kale m'buku limodzili, ndipo obwera pambuyo kwenikweni ankangosintha maina. Panali njira inanso imene Frederic Farrar anayesa mu 1858 ndi Eric, or, Little by Little, momwe mnyamata akuyamba ndi tizolakwa ting'onoting'ono, kenako fodya ndi mowa, mpaka kuthawa sukulu, kukazunzika pa sitima ya pamadzi ndi kumwalira. Makolo analigula kwambiri, koma njirayo inafota. Pofika 1899 anyamata a m'buku la Rudyard Kipling la Stalky & Co. anali akuliseka poyera.

Chomwe chinatembenuza zinthu ndi lamulo la maphunziro la 1870, lomwe linabweretsa sukulu za pulayimale kwa ana wamba a ku England ndi Wales, ndipo pofika 1880 kupita ku sukulu kunali kokakamiza. Mwadzidzidzi panapezeka khamu la ana odziwa kuwerenga koma opanda ndalama yogulira buku. Amalonda anayamba kuwagulitsa timapepala totchipa ta nkhani za zigawenga ndi akuba, ndipo bungwe la Religious Tract Society, pofuna kuwalanditsa, linayambitsa magazini ya Boy's Own Paper mu 1879. M'menemo Talbot Baines Reed anayamba kusindikiza The Fifth Form at St Dominic's mu 1881, gawo ndi gawo. Reed anachotsa ulaliki wambiri n'kuikamo chiwembu: pepala la mayeso lasowa, mwana wosalakwa akumuganizira, kalasi lonse lamusala, ndipo choonadi chikudzatuluka kumapeto. Iye mwini anaphunzira pa City of London School, sukulu yoyendera.

Kenako kunabwera Charles Hamilton, amene ankalemba pa dzina la Frank Richards. Kuyambira 1908 mpaka 1940 magazini ya The Magnet inkatuluka sabata iliyonse ndi nkhani ya sukulu yopeka ya Greyfriars, ndipo inatuluka ka 1,683, zambiri mwa nkhanizo zolembedwa ndi iye yekha. Poyamba mtengo wake unali theka la peni. Kwa zaka 32 anyamata ake, Harry Wharton ndi anzake, anakhalabe m'kalasi lomwelo osakula, ndipo Billy Bunter, wonenepa, wadyera ndi wabodza uja, anakhala akukongola kwa anzake polonjeza kuti ndalama yake ikubwera pa positi. Amene ankagula The Magnet anali ana a m'mafakitale, a m'migodi, a m'masitolo, ndi anyamata otumidwa m'maofesi amene anasiya sukulu ali ndi zaka 14. Robert Roberts, amene anakulira m'dera losaukitsitsa la Salford, anafotokoza m'buku lake la The Classic Slum la 1971 kuti iye ndi anzake ankatengera khalidwe lawo kwa anyamata a ku Greyfriars, ndipo ankaiona sukulu yopekayo ngati yawo yeniyeni kuposa imene ankapitako m'mawa uliwonse.

Wolemba wa ku England George Orwell anaziona zimenezi n'kudandaula nazo. Mu 1940 analemba m'magazini ya Horizon kuti nkhanizi zinaimitsa nthawi cha m'ma 1910, kuti m'menemo anthu a maiko ena ndi osekedwa basi, ndipo kuti mwana wa mmphawi akudyetsedwa maloto a anthu olemera. Anaganizanso kuti munthu mmodzi sangalembe zonsezo kwa zaka 30. Hamilton anamuyankha m'magazini yomweyo kuti wolembayo ndi iyeyo, ndipo anaumirira kuti mwana ayenera kusangalala ubwana wake, mavuto adzawapeza akakula. Chaka chomwecho The Magnet inatsekedwa chifukwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inasowetsa mapepala. Orwell sananame pa za anthu a maiko ena, ndipo wowerenga wa ku Africa amaziona msanga. Komabe ndikuona kuti analephera kufunsa funso limodzi: mwana wa ku Salford ankapeza chiyani ku Greyfriars chimene kwawo kunalibe?

Yankho lake, mmene ndikuonera ine, si chuma. Pakhomo mwana ndiye wotsiriza. Nkhani zikuluzikulu ndi za akulu, iye zake ndi zachibwana, ndipo akalakwiridwa nthawi zambiri mlandu wake umathera m'malere. M'nkhani ya sukulu yogonera komweko, wolemba amachotsa makolo mwaulemu, popanda maliro, n'kusiya dziko laling'ono lokhala ndi malire odziwika, momwe zochita za ana ndizo nkhani yaikulu. Kusankhidwa m'timu, kukanidwa ndi mnzako, kunamiziridwa kuti waba, zonsezi zimalemera ngati milandu ya pa bwalo la mfumu. Ndipo chilungamo chake n'chodalirika: wonamiziridwa amayera, wachinyengo amaululika teremu isanathe. Ana ali ndi chilango chawochawo choopsa kuposa ndodo, chomwe amachitcha kutumiza munthu ku Coventry, kutanthauza kuti kalasi lonse likhala chete osamulankhula, iye akayankhula kungoti zii. Blyton anafika nazo patali m'buku la The Naughtiest Girl in the School la 1940. Pa sukulu ya Whyteleafe ana onse amasonkhana sabata iliyonse, mtsogoleri wa anyamata ndi wa atsikana amakhala oweruza, aphunzitsi amakhala kumbuyo osalowerera, ndipo ndalama iliyonse imene mwana watumiziridwa imaponyedwa m'bokosi limodzi, aliyense n'kulandira mashiling'i 2. Mwana wa wolemera ndi wa wosauka amatuluka mu holo ali ndi ndalama yofanana m'thumba. Tangoganizani mmene zimenezi zinkamvekera kwa mwana amene sanagwirepo shiling'i yakeyake.

Kalendala ya sukulu nayo inkathandiza wolemba. Teremu ili ndi poyambira ndi pothera, ili ndi mayeso, masewero ndi sewero la pa Khirisimasi, ndiye buku limadzikonza lokha. Mabuku 6 a Malory Towers, olembedwa pakati pa 1946 ndi 1951, amatenga Darrell Rivers kuyambira teremu yake yoyamba ali ndi zaka 12 mpaka teremu yotsiriza ali mtsogoleri wa sukulu yonse. Wowerenga amakula naye limodzi, ndipo akatseka buku limodzi amadziwa kuti belu lidzaliranso.

Ndiye pali chakudya. Palibe amene anawerenga mabuku a Blyton a St Clare's kapena Malory Towers amene anaiwala phwando la pakati pa usiku: ana kudzuka mwakachetechete, kuyatsa matochi, kutulutsa pansi pa bedi makeke, nsomba za m'chitini, zinanazi za m'chitini, mkaka wotsekemera ndi zakumwa. Kuti mumvetse mphamvu ya masamba amenewa, kumbukirani zaka zake. Mabuku 6 a St Clare's anatuluka pakati pa 1941 ndi 1945, nkhondo ili mkati, ndipo ku Britain chakudya chinkagulidwa ndi makuponi kuyambira 1940 mpaka 1954. Maswiti anamasulidwa mu 1953. Mwana wowerenga mndandanda wa zakudya zimenezo anali mwana wolawa shuga mochita kuyeza.

Kwa atsikana nkhanizi zinali ndi phindu lina lapadera. Angela Brazil asanatulutse The Fortunes of Philippa mu 1906, mabuku ambiri a atsikana ankawaphunzitsa kufatsa, kupirira ndi kusamala pakhomo. Brazil, amene analemba mabuku a sukulu pafupifupi 50, anaonetsa atsikana akuthamanga ndi ndodo za hockey, akupanga magulu achinsinsi, akulankhula chinenero chawo cha pa sukulu chimene aphunzitsi aakulu ena anadana nacho mpaka kuletsa mabukuwo. M'dziko lopanda anyamata, kaputeni ndi mtsikana, wanzeru ndi mtsikana, wopulumutsa mnzake pa phompho ndi mtsikana, ndipo mphunzitsi wamkulu amene aliyense amanjenjemera akaitanidwa ku ofesi kwake ndi mayi.

Pa alembi a atsikana, amene ndimamupatsa ulemu kwambiri ndi Elinor Brent-Dyer. Anakulira ku South Shields m'nyumba wamba, bambo ake anawathawa iye ali wamng'ono, ndipo ankaphunzira sukulu yoyendera. Atapita kukacheza ku nyanja ya Achensee m'mapiri a Tyrol ku Austria, anaikako sukulu yopeka, ndipo The School at the Chalet inatuluka mu 1925. Mabuku a Chalet School anafika 58, lotsiriza linatuluka mu 1970 iye atamwalira kale. Pa sukuluyi pali ana a mitundu yosiyanasiyana, Akatolika ndi Apulotesitanti, ndipo pali masiku olankhula Chingerezi, ena Chifalansa, ena Chijeremani. Apa dandaulo la Orwell loti nthawi inaima siligwira. M'buku la The Chalet School in Exile la 1940, Hitler watenga Austria, atsikana akuona gulu la anthu likuzunza nkhalamba ya Chiyuda pamsewu, akuthamangira kukaiteteza, ndipo zotsatira zake akuthawa wapansi kudutsa m'mapiri. Sukulu ikusamukira ku chilumba cha Guernsey. M'chaka chimene mabomba ankagwa pa London, mayiyu ankauza ana a ku Britain kuti Mjeremani ndi wa chipani cha Nazi si munthu mmodzi.

Komatu paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pali chinthu chimodzi chimene nkhani zambirizi zimakana kuchiyang'ana, ndicho kulira kwa mwana wosowa kwawo. Ku Malory Towers kuli mtsikana wotchedwa Gwendoline Mary Lacey, mwana mmodzi yekha wa makolo ake, woleredwa mosasatitsidwa. Pa siteshoni akulira pokumbatirana ndi mayi ake, usiku woyamba akulira pa bedi, ndipo buku likutiuza kuti n'zodzionetsera, n'zochititsa manyazi. Darrell, amene watsanzika mayi ake maso ali gwa, ndiye mwana wabwino. Gwendoline ali ndi zolakwa zake zenizeni, ngodzikonda ndiponso ngwachipongwe, koma kwa mabuku 6 wolemba samupatsa mpata wopuma. Nditawerenganso ndili wamkulu, ndinaona kuti phunziro lobisika ndi lakuti mwana wa zaka 12 akasiyana ndi mayi ake, misozi ndi mlandu. Lamulo losaneneza lija nalonso lili ndi mbali yake yakuda, chifukwa ndi lomwelo limene limatchinjiriza wozunza anzake. Osindikiza a masiku ano anasintha zina, mwachitsanzo pomwe Darrell ankamenya Gwendoline mbama tsopano amangomugwedeza, koma mtima wa nkhani pa misozi sunasinthe.

Amene anagonadi m'sukuluzi ali aang'ono anasimba zina. Orwell anatumizidwa ku St Cyprian's ku Eastbourne ali ndi zaka 8, ndipo m'nkhani yake imene inasindikizidwa mu 1952, iye atamwalira, anafotokoza kuti atangofika anayamba kukodza pogona n'kukwapulidwa chifukwa cha zimenezo. Roald Dahl, m'buku la Boy la 1984, anasimba kuti atapita ku St Peter's ku Weston-super-Mare ali ndi zaka 9 ankagona atalozetsa nkhope kwawo ku Wales kutsidya kwa nyanja, kuti ananamizira matenda a m'mimba kuti amubweze kunyumba, ndipo kuti makalata opita kwa makolo ankalembedwa mphunzitsi wamkulu akusuzumira. Ku Repton, sukulu imene Dahl anapitako pambuyo pake, mnyamata wamkulu ankamutuma kukakhala pa thabwa la chimbudzi m'nyengo yozizira kuti limufundire. Katswiri wa za maganizo Joy Schaverien anatulutsa buku mu 2015 lotchedwa Boarding School Syndrome, lofotokoza akuluakulu amene anaphunzira kubisa zakukhosi ali ndi zaka 7 ndipo akuvutika nazobe m'mabanja mwawo. Ichi ndicho chifukwa china chimene nkhanizi zinakomera kwambiri ana a kunja kwa mpanda. Iwo ankalandira ubwenzi, phwando ndi chilungamo, kenako n'kutseka buku mayi awo ali chipinda chinacho.

M'ma 1960 ndi 1970 mtunduwu unazilala. Ufumu wa utsamunda wa Britain unali utatha, aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale ankati mabukuwa ndi odzikweza, ndipo ana ankafuna kuona sukulu zonga zawo, monga Grange Hill, sukulu yopeka imene BBC inayamba kuonetsa pa kanema mu 1978. Chinautsitsimutsa ndi matsenga. Jill Murphy anatulutsa The Worst Witch mu 1974, ndipo mu 1997 kunabwera Hogwarts, sukulu ya Harry Potter, yokhala ndi zonse za Hughes ndi Blyton: sitima, nyumba 4 zopikisana, ma prefect, masewero, phwando, mwana wa olemera wonyoza anzake, ndi mphunzitsi wamkulu wanzeru. Rowling anathetsa vuto la misozi mwanzeru pomupanga Harry kukhala wamasiye wogona m'kachipinda ka pansi pa masitepe kwa achibale omuda. Mwana wotere sangalire posiya kwawo, ndipo tsiku lake lachisoni ndi lotsekera sukulu.

Atsamunda ndi amishoni anabweretsa chikombole cha sukuluzi ku Africa. Kuno ku Malawi sekondale zoyambirira, Blantyre Secondary School ya 1940, Zomba Catholic ya 1942 ndi Dedza ya 1951, zinali zogonera komweko, ndipo Kamuzu Academy imene inatsegulidwa ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981, ndi Chilatini ndi Chigiriki chake, inamangidwa dala potengera public school za ku England, mpaka anthu kuitcha Eton ya ku Africa. Koma tanthauzo la kugonera pa sukulu kwa ife ndi lina. Mwana amapitako atakula pang'ono, atakhoza mayeso a Sitandade 8 ndi kusankhidwa, mudzi wonse ukumunyadira. Sanatayidwe, wapambana. Zomwe zimamudikira ndi mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, kamba wa chigumu ndi mtedza wokazinga yemwe amatha sabata yachiwiri, nkhanza za a mafomu apamwamba, ndi mantha oti dzina lake liitanidwa pa asembule kuti abwerere kwawo akatenge fizi. Wolemba amene anayandikira moyo umenewu ndi Barbara Kimenye, amene anabadwira ku England koma anakhala zaka zambiri ku Uganda, ndi nkhani zake za Moses zimene zinayamba mu 1968. Moses wachotsedwa m'sukulu zingapo, ndipo akukathera ku Mukibi's Educational Institute for the Sons of African Gentlemen, sukulu ya dzina lalitali koma nyumba zakutha, chakudya chosalongosoka, ndi mwini wake wokonda ndalama. Iye ndi mnzake King Kong amapulumukira m'nzeru zawo. Kimenye anatenga chikombole cha Angerezi n'kuthiramo njala yeniyeni, ndipo ana a ku East Africa anadzionamo.

Ku Ulaya nakonso alipo ochepa amene analola ndalama ndi misozi kulowa pa geti. Frances Hodgson Burnett, m'buku la A Little Princess la 1905, anaonetsa Sara Crewe akulemekezedwa pa sukulu ya Miss Minchin ku London bambo ake ali olemera, ndipo tsiku lomwe uthenga unafika kuti amwalira opanda kanthu, mphunzitsi wamkulu yemweyo anamusamutsira ku kachipinda ka kudenga n'kumusandutsa wantchito. Sukulu ndi malonda, ndipo bukuli silibisa.

Koma mukandifunsa buku limodzi loti ndimupatse mwana, ndi Das fliegende Klassenzimmer la Erich Kästner, lomwe m'Chingerezi limatchedwa The Flying Classroom. Linatuluka ku Germany mu 1933, chaka chomwe a Nazi anatentha mabuku ake ku Berlin iye ataima m'khamu akuonerera. M'mawu oyamba Kästner akudzudzula alembi amene amanamiza ana kuti ubwana ndi chisangalalo chokhachokha, ndipo akunena kuti misozi ya mwana siichepa poyerekeza ndi ya wamkulu. Nkhaniyo ndi ya anyamata 5 m'masiku otsiriza sukulu isanatsekere Khirisimasi. Zonse za mtunduwu zilimo, ndewu ndi sukulu ina, sewero, ubwenzi. Mmodzi wa iwo, Martin Thaler, ndi wanzeru kuposa onse m'kalasi, ndipo bambo ake ali pa ulova. Kalata ikufika kuchokera kwa mayi ake: ayesetsa kukongola koma ndalama ya sitima, ma mark 8 (ndalama ya ku Germany ya nthawi imeneyo), siinakwane, atumiza 5 yokha, ndiye chaka chino akhale pa sukulu. Martin sakuuza aliyense. Akudziuza yekha kuti kulira n'koletsedwa, ndipo akubwereza mawuwo ngakhale kutulo, anzake akulongedza zikesi. Amene anatsalapo pa hostelo anzake atapita ku holide chifukwa chosowa thiransipoti amadziwa mmene mabedi opanda matiresi amaonekera madzulo.

Tsiku lonyamuka, mphunzitsi woyang'anira ogonera, Dr Bökh, akumupeza ali yekha pabwalo n'kumufunsa ngati sakufuna kupita kwawo kapena sangathe. Apo mnyamatayo akulephera kudzigwira, ndipo mphunzitsi sakumudzudzula. Akutulutsa ma mark 20, okwanira ulendo wopita ndi wobwerera ndi kotsala kogulira timphatso, n'kukana kuti ikhale ngongole. Usiku womwewo makolo a Martin ali m'nyumba yozizira, akumuganizira mwana wawo ali kutali, pamene akumva kugogoda pa chitseko. Atatsegula, mawu oyamba kutuluka pakamwa pa mwanayo, asanapereke ndi moni womwe, ndi owatsimikizira kuti ndalama yobwererera ku sukulu ali nayo kale.